Mmene Mungathanirane ndi Dawe Kumunda ndi Kudimba

Dimba limene ndimalima m'mbali mwa mtsinje wa Thuchila anandisiyira ndi mayi anga, ndipo anandisiyira ndi dawe wake yemwe. Chaka choyamba ndinadzala anyezi mabedi asanu ndi limodzi. Ndikapalira Lolemba, pofika Loweruka timasamba tosongoka tija tatulukanso, tili biriwiri ngati sipanadutse khasu. Nditatopa ndinaitana aganyu awiri kuti atipule malo onse nthaka ikadali yonyowa. Patatha milungu itatu dawe anamera wothinana kuposa kale, ndipo anyezi anangobereka timitu tonga ta adyo.

Atsibweni atabwera kudzaona anangotokosa pansi ndi ndodo yawo, n'kuvuula kachingwe ka timbatata takuda tinayi. "Mwanawe, iwe ukumeta tsitsi," anatero. "Mwini wake ali pansipa." Zimene ndalemba munozi zinayambira pa mawu amenewo. Ntchito yaikulu yolimbana ndi dawe imagwiridwa mu Seputembala ndi Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, osati mu Januwale pamene tonse timamuona.

Yambani mwatsimikiza kuti ndi dawe

Thyolani phesi limene lanyamula maluwa, mulizunguze pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Phesi la udzu wamba monga kapinga kapena nsenjere limakhala lobulungira kapena lophwatalala pang'ono, ndipo lili ndi mfundo. La dawe lili ndi ngodya zitatu, lilibe mfundo, ndipo m'kati mwake mulibe mphako. Masamba ake amatulukira patsinde penipeni molunjika mbali zitatu, ndi onyezimira ngati apakidwa mafuta, ndipo pakati pali kamzere kolowa. Zizindikiro zimenezi zikusonyeza kuti dawe si udzu ngakhale timamutchula choncho. Ali m'banja la Cyperaceae, limodzi ndi gumbwa uja wodzaza m'madambo a Elephant Marsh kuchigwa cha Shire. Zimenezi musaziiwale, chifukwa ndi zimene zimachititsa kuti mankhwala ambiri opha udzu azingomudutsa.

Kenako kumbani ndi khasu mozungulira chitsa chimodzi, pang'onopang'ono kuti musadule kanthu, n'kukutumula dothi. Pansi pa masamba mupeza kamutu kotupa. Kuchokera pamenepo pamatuluka timitsitsi toyenda chopingasa m'nthaka, ndipo timitsitsi timeneti ndi timene timabereka timbatata.

Dzina la dawe timaitanira mitundu iwiri, ndipo ndi bwino kudziwa amene muli naye.

Woyamba ndi amene akatswiri a zomera amamutcha Cyperus rotundus, dzina limene Carl Linnaeus anamupatsa mu 1753. Maluwa ake ndi ofiirira moderako. Masamba ake ndi obiriwira kwambiri ndipo nsonga yake imatha mwadzidzidzi. Timbatata take n'takuda, taukakala, tolumikizana ngati mikanda pa timitsitsi tolimba ngati waya. Mukakaswa kamodzi kamanunkhira, koma mukakalawa n'kowawa. Ameneyu ndiye wovuta zedi.

Wachiwiri ndi Cyperus esculentus. Maluwa ake ndi achikasu, masamba ake ndi otuwirako ndipo nsonga yake ndi yaitali, yowonda pang'onopang'ono. Timbatata take n'tobulungira, tosalalako, ndipo kalikonse kamakhala kokha kumapeto kwa mtsitsi wake, osapanga unyolo. N'totsekemera, n'chifukwa chake ana oweta mbuzi amatitafuna. Pali mtundu wina wa dawe yemweyu umene anthu amachita kulima. Ku Valencia m'dziko la Spain amapangira chakumwa chotchedwa horchata, ku Nigeria ndi ku Ghana amagulitsa timbatata take pamsika, ndipo Aiguputo akale ankaulimanso. Wathu wam'mundayu timbatata take n'tating'ono, sitingapindulitse munthu.

Dziwani malo amene amakonda

Dawe wamaluwa ofiirira kwawo ndi kuno ku Africa, kummwera kwa Ulaya ndi kummwera kwa Asia, koma lero ali m'maiko oposa 90 ndipo amavutitsa mbewu za mitundu yoposa 50, kuyambira mpunga, nzimbe, thonje mpaka ndiwo zamasamba. Chisanu choumitsa nthaka ndicho chimamuletsa kufalikira kumaiko ozizira kwambiri. Wachikasu uja amapirira kuzizira, choncho anafika mpaka ku Canada, ndipo amakonda malo a chinyezi chochuluka kuposa mnzakeyo.

Onse awiri amafuna zinthu zitatu: dzuwa, chinyezi, ndi nthaka yogwiragwiridwa ndi khasu. Masamba awo amapanga chakudya mofanana ndi a chimanga ndi nzimbe, kutanthauza kuti dzuwa likamatentha m'pamene amakula mofulumira, koma pamthunzi amafooka. Mukayenda m'minda ya tiyi yokhwima ya ku Thyolo kapena cha ku Mimosa, suzumirani pansi pa tiyi amene watsekana bwino, simumupeza kwenikweni. Mudzamupeza m'mbali mwa njira, m'ngalande, m'nazale ndi m'tiyi wongodzalidwa kumene. Pa ife alimi wamba, malo ake ndi madimba a m'mbali mwa Ruo, Thuchila ndi Lichenya, minda ya chinanazi imene isanatsekane, ndi mabedi a tomato ndi kabichi a ku Bvumbwe amene sauma chaka chonse. Kwathu kuno mvula ndi yambiri, ndipo chiperoni cha mu Juni ndi Julaye chimanyowetsanso nthaka pamene madera ena auma kale. Nthawi imene tili nayo yomuumitsa ndi yaifupi, choncho siyofunika kuitaya.

Ikani zikhomo nthawi ya dzinja

Mu chilimwe masamba a dawe wakumunda amauma n'kusowa, ndipo mukhoza kuiwala pamene anali. Choncho mu Febuluwale kapena Malichi, akadali wobiriwira, yendani m'munda ndi tizikhomo ta nsungwi, muzikhoma mozungulira chigawo chilichonse chimene wathinana. Onjezerani phazi limodzi kunja kwa malire amene mukuwaona, chifukwa timitsitsi timakhala tapitirira kale pansi. Ntchito ya ola limodzi imeneyi idzakupulumutsani kugalauza munda wonse.

Galauzani nthaka itauma gwa

Apa ndiye pagona nkhani, ndiye ndifotokoze chifukwa chake kaye.

Pa unyolo wa timbatata ta dawe wofiirira, si tonse timamera nthawi imodzi. Kamene kali kutsogolo kakamera, tinzake tam'mbuyo timagona, ndipo tikhoza kugona choncho nyengo yonse. Khasu likadula unyolowo, kalikonse kamadzuka n'kuyamba kumera pakokha. Mukatero nthaka ili yonyowa, ndiye kuti mwachita kumudzala ndi manja anu. N'zimene ndinachita ine ndi aganyu aja. Koma kambatata komweko kali ndi pofooka pake. Kakadulidwa ku mizu imene imakamwetsa madzi a pansi, n'kukhala pamtunda padzuwa, kamauma mpaka kufa. Kudula n'kumodzi komweko, chosiyana ndi nyengo basi.

Ndiye dikirani mpaka kumapeto kwa Seputembala, pamene mukakumba dothi likutuluka fumbi. Pa zigawo zija munakhoma zikhomo, lowetsani khasu kapena foloko yokumbira masentimita 20 mpaka 25. Timbatata tochuluka timakhala m'masentimita 15 apamwamba, ngakhale tina timatsika kupitirira apo, makamaka pa dothi lamchenga. Tembenuzani zibuma kuti zapansi zikhale pamwamba. Tsiku loyamba musaziphwanye bwinobwino, zisiyeni zikuluzikulu kuti mphepo izidutsa ndipo ziume mpaka m'kati.

Pakatha milungu iwiri bwererani, muphwanye zibumazo n'kutembenuzanso kuti timene tinabisala tione dzuwa. Mukatha milungu ina iwiri chitaninso kachitatu ngati chizimalupsa sichinagwe. Kugalauza kamodzi kokha kumathandiza, koma kachiwiri ndi kachitatu ndi kumene kumasonyeza kusintha mvula ikabwera. Kuti mudziwe ngati kambatata kafa, kadinikizeni ndi chikhadabo kapena kaduleni ndi mpeni. Kamoyo m'kati mwake ndi moyera ndi molimba. Kakufa n'kopepuka, kokwinyika, ndipo m'kati ndi moderako.

A kumtunda kwa Thyolo ndi a m'mphepete mwa phiri la Mulanje, pano ndikuchenjezeni. Nthaka yogalauzidwa pamalo otsetsereka mvula yoyamba imaikokolola, ndipo kutaya nthaka n'koipa kuposa dawe. Galauzani zigawo zokhazo zimene munaika zikhomo, ndipo pofika kumayambiriro kwa Novembala mizere ikhale itaundidwanso mopingasa chitunda. Akalozera ndi mizere ya vetiva musaikhudze.

Kudimba n'kovutirapo, chifukwa miyezi imeneyi ndi imene masamba amagulidwa bwino ndipo palibe amene amafuna kusiya kuthirira. Ine ndinagawa dimba langa patatu, ndipo chaka chilichonse gawo limodzi ndimalipumitsa kwa milungu isanu ndi umodzi. Ndimatseka ngalande yopita kumeneko, ndikudikira kuti liume, kenako n'kugalauza. Zimapweteka kuona bedi lili mbee anzako akukolola mpiru, koma gawo limenelo chaka chotsatira limabweza. Ngati dimba lanu lili pamalo amene madzi ali pafupi moti nthaka siuma ngakhale mu Okutobala, njira imeneyi sikuthandizani. Dalirani kusefa ndi mthunzi.

Tolani ndi kusefa

Pogalauza muziyenda ndi ndowa, kambatata kalikonse kamene mwakaona muziponyamo. Pa mabedi a nazale, a anyezi ndi a karoti, pitirirani apo. Khomani sefa ya waya wamabowo aang'ono pa matabwa anayi, yonga imene amisiri omanga amasefera mchenga, muiimike chopendekera, n'kusefa dothi lonse la bedilo mpaka kuya kwa khasu. Ndi ntchito yothyola msana ndipo simungaichite pa ekala yonse, koma pa bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita asanu m'litali ndi ya m'mawa umodzi. Mbewu zimenezi masamba ake ndi owonda, sizipanga mthunzi ngakhale zitakula, choncho sizingadziteteze zokha.

Timbatata timene mwatola musatitaye m'malire mwa munda, mumtsinje kapena pa dzenje la kompositi. Kompositi wathu wambiri satentha mokwanira kuti atiphe, ndipo mudzatibweza nokha kumunda pamodzi ndi manyowa. Tiyanikeni pa lata lakale kapena pa thanthwe kwa milungu iwiri kenako mutiotche. Ngati muli ndi nkhumba, zipatseni, zimatikonda. Nkhanga nazonso zimatitola, ndipo kuzisiya kuti zipalase pa nthaka yongogalauzidwa kumathandizako.

Mvula ikagwa, muzimupeza asanalimbe

Ngakhale mutagalauza katatu, ena adzamerabe. Mphukira ikamatuluka imadya chakudya chosungidwa mu kambatata, ndipo kambatatako kamanka kachepa mphamvu. Masamba akafika asanu kapena asanu ndi limodzi, chomeracho chimayamba kubweza chakudya pansi, ndipo pakangotha milungu yochepa chimayamba kubereka timbatata tatsopano. Inu mumulowerere asanafike pamenepo. Milungu iwiri iliyonse, kapena itatu mukachedwa, dutsani pa zigawo zija.

Kapaliridwe kake n'kosiyana ndi ka udzu wina. Musatipule mozama. Pamene dothi ndi lofewa zulani ndi dzanja, mutagwira pansi penipeni kuti kamutu kotupa kaja katuluke nawo. Pamene ndi lolimba gwiritsani kakhasu kakang'ono kapena chikwanje chakale, mudule masentimita atatu kapena anayi pansi pa nthaka. Kambatata kamodzi kali ndi maso angapo, choncho kadzaphukanso kachiwiri ndi kachitatu, koma mphukira zake zimanka ziwonda. Apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi. Amapalira kawiri, n'kubandira, n'kusiya munda mpaka masika, osadziwa kuti mu Febuluwale ndi Malichi ndi mmene dawe amadzaza nkhokwe yake ya chaka chamawa. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, nanunso muzingobwererabwerera.

Musamulole kuti achite maluwa, makamaka wachikasu, chifukwa njere zake zimatha kumera. Wofiirira njere zake sizimera kawirikawiri, iye amadalira timbatata.

Muphimbeni ndi mbewu zamthunzi

Pa gawo limene dawe wachuluka, chaka chimenecho musadzalepo anyezi, karoti kapena mbatata ya kachewere. Kachewere ali ndi vuto lina lapadera, timitsitsi ta dawe timabowola mbatata yeniyeniyo n'kutulukira mbali ina, ndipo pamsika palibe angaigule. Dzalanipo mbewu zimene zimayanga msanga n'kutseka nthaka. Mbatata ya kholowa ndi yabwino kwambiri, bola muidzale mothithikana ndipo muipalire mwezi woyamba kufikira itagwirana. Maungu ndi khobwe pakati pa chimanga amathandiza. Nandolo, amene kwathu kuno salephera m'munda uliwonse, amachedwa kukula poyamba, koma chimanga chikachoka amasunga mthunzi mpaka chilimwe.

Koma pa zonse ine ndimatama kalongonda. Timamudziwa ngati ndiwo, yofunika kuiphika nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo, koma pa nthaka ndi bulangete lenileni. Akayanga amatseka dzuwa moti pansi pake pamakhala mdima, ndipo masamba ake akawola amawonjezera chonde. Ngati mukumudzala m'chimanga, dikirani chimanga chifike m'mawondo kapena kupitirira, apo ayi adzachikwera n'kuchigwetsa. Pa gawo loipitsitsa ndi bwino kumudzala yekha nyengo yonse. Mthunzi suupha timbatata togona pansi, koma umachepetsa kwambiri kubereka tatsopano, ndipo takale timanka tifa tokha chaka ndi chaka.

Za kuphimbira nthaka ndi mapesi kapena udzu, ndinene mosabisa kuti dawe sizimuletsa. Nsonga ya mphukira yake ndi yakuthwa ngati singano, imabowola mapesi ngakhalenso pulasitiki yakuda. Amene mukuchita ulimi wa mtayakhasu pitirizani, ubwino wake pa nthaka ndi waukulu, koma zigawo za dawe muzizisamala padera.

Alimi a tomato, pali chifukwa china chomuchotsera. Tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu ya tomato timatha kubisala mu mizu ndi timbatata ta dawe. Mukhoza kuchita kasinthasintha wa mbewu bwinobwino koma matendawo osachoka, chifukwa dawe amawasungira.

Ngati mwaganiza zopopera mankhwala

Ambiri amataya ndalama apa. Mankhwala amene amangowotcha masamba, monga paraquat, amasangalatsa maso masiku atatu, kenako dawe amatulukanso chifukwa pansi sipanakhudzidwe. Atrazine amene ena amathira m'chimanga samutha. Amene amatsika mpaka ku timbatata ndi glyphosate, amene ambiri timangoti Roundup, koma ameneyu sasankha, amapha chomera chilichonse chobiriwira chimene wachikhudza. Ndiye ndi woyenera pamalo opanda mbewu, musanadzale kapena mutakolola.

Poperani dawe ali wobiriwira, akukula bwino, ali pafupi kuchita maluwa. Wamng'ono kwambiri alibe masamba okwanira kumwa mankhwala, ndipo wofota ndi chilala satsitsa kanthu pansi. Sankhani tsiku lopanda mphepo, limene mukuona kuti mvula sigwa kwa maola asanu ndi limodzi. Madzi osungunulira akhale oyera, a pamjigo kapena pampopi, chifukwa matope a madzi a mumtsinje amagwira glyphosate n'kumuthetsa mphamvu. Mlingo tsatirani wolembedwa pabotolo, osati wongomva kwa anzanu. Mukapopera musapalire kapena kudyetsapo ziweto kwa milungu iwiri, mankhwala atsike kaye. Timbatata timene tinali chigonere sitikhudzidwa, choncho yembekezani kuti mudzabwerezanso.

Palinso mankhwala otchedwa halosulfuron amene amapha dawe m'chimanga ndi mu nzimbe osapha mbewuzo, koma amatsalira m'nthaka ndipo akhoza kuwononga ndiwo zamasamba kapena nyemba zimene mungadzale pambuyo pake. Musawagule musanakambirane ndi alangizi a m'dera lanu. Mankhwala alionse gulani m'botolo lake lomata, kwa wogulitsa wovomerezeka ndi bungwe la Pesticides Control Board, osati otsanuliridwa m'timabotolo ta zakumwa. Valani nsapato zajombo, malaya aatali manja ndi chotseka pakamwa. Sipuleya musatsukire mumtsinje, ndipo mamita angapo oyandikana ndi madzi musapoperemo n'komwe, chifukwa kumunsi kuli anzathu amene akumwa madzi omwewo.

Tsekani njira zimene amalowera

Dawe sayenda yekha mtunda wautali, timamunyamula ndife. Amabwera m'dothi la mbande zogula pamsika, m'ziputu za nthochi ndi ana a chinanazi opatsidwa ndi achibale, m'manyowa okumbidwa pamalo amene anamerapo, ndiponso m'matope omatirira ku khasu ndi ku wilibala. Mbande iliyonse yochokera kwina muziiyang'ana ku mizu musanadzale. Pogwira ntchito yambirani mbali yoyera ya munda, mumalizire kumene kuli dawe, kenako mupale makasu.

Madzi osefukira nawonso amamubweretsa. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, madimba ambiri a kuno anakwiririka ndi mchenga ndi matope ochokera kumtunda, ndipo langa linatulukira dawe pangodya imene ndinali nditaiyeretsa kale. Mtsinje ukasefukira, yenderani dimba milungu itatu yotsatira, mphukira zatsopano muzizikumba ndi kambatata kake zisanapange unyolo. Kambatata kamodzi kongofika kumene n'kosavuta kuchotsa.

Koma abale ake a dawe amene amera m'gombe mwenimweni mwa mtsinje, aatali aja a mapesi angodya zitatu, asiyeni. Mizu yawo ndi imene imagwira gombe kuti lisagumuke, ndipo ena mwa iwo amayi amalukira mikeka. Ine ndimasiya mamita angapo osalima pakati pa mabedi ndi madzi, ndipo mpaka pano gombe langa silinadyeke ngati la amene analima mpaka m'madzi.

Musayembekeze kuti atha chaka chimodzi. Kwa ine chaka choyamba chogalauza anachepa moti kupalira kunayamba kupepuka. Chachiwiri ndinadzala kalongonda pa gawo loipitsitsa lija. Chachitatu ndinabwezerapo anyezi, ndipo pa bedi lonse ndinkazula mphukira zokwana m'dzanja limodzi pa mlungu. Zikhomo za nsungwi ndimakhomabe Febuluwale aliyense, ndipo chaka chino zatsala pa zigawo ziwiri, chimodzi pafupi ndi chitsime, china pangodya ija inalowa madzi.